Phunziro la Mwezi Uno: Ndalama za Boma ndi Anthu Osowa Pogona

Mawu owerenga: Luka 10:30-35, Nehemiya 2:1-9, Ezara 8:21-34, 2 Akorinto 8:16-21

Mawu oyamba

Phunziro la ulendo uno labadwa kuchokera ku funso limene limabwera kawirikawiri tikakumana. Funso lake ndi ili: boma, kaya lathu kaya la dziko lina, litapereka ndalama ku gulu lathu kuti tisamalire anthu osowa pogona, kodi tilandire?

Amayi ena amati tilandire msanga, pakuti zopereka zathu za sabata ndi sabata sizingagule ngakhale malata khumi. Ena amati ayi, ndalama za Kaisara zidzatitseka pakamwa ndipo zidzadanitsa amayi okhaokha. Onsewa ali ndi mfundo. Ife tikuti ndalamazo tingathe kulandira, koma ntchitoyo tiimange mwanjira yakuti tsiku limene ndalama zidzatha, munthu amene tidamugoneka m'nyumba asadzabwerere pakhonde la sitolo. Phunziro lonseli likufotokoza mfundo imeneyi. Tikupempha atsogoleri a magulu kuti muyambe mwawerenga mavesi ali pamwambawa musanakambirane.

1. Kodi osowa pogona ndi ndani?

Tikamva mawu akuti osowa pogona, ambiri timaganiza za ana amene amagona m'makonde ndi pansi pa milatho ku Blantyre, ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Iwowo alipodi, koma si okhawo. Pali agogo amene adathamangitsidwa pamudzi powanamizira ufiti. Pali amayi amasiye amene achibale a mwamuna adawalanda nyumba, ngakhale kuti lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Pali odwala matenda a maganizo amene abale adatopa nawo, ndi otuluka kundende amene kwawo sakuwafuna. Palinso amene nyumba zawo zidapita ndi madzi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adasiya anthu oposa 650,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera, ndipo ambiri adagona m'makalasi ndi m'matchalitchi. Ena mwa inu mudaphika phala m'misasa imeneyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino tidaona kuti kusowa pogona ndi matenda pakokha. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wogona pamsika adzawasunga pati kuti asanyowe kapena kubedwa? Adzamwera chiyani m'mimba mulibe kanthu? Akadukiza, matenda amabwerera ndipo nthawi zina sakumvanso mankhwala. Chimodzimodzi ma ARV. Chilonda chimene chikadapola m'masabata awiri chimatenga miyezi chifukwa palibe madzi otsukira. Tidaonapo wodwala atachira bwinobwino, dokotala n'kumulembera kuti atuluke, iye n'kungokhala pabedi atagwira kachikwama kake, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa kunja kwa geti kudalibe kumene akadalowera. Patapita milungu yochepa tidamulandiranso ali woipirapo. Choncho denga ndi gawo la mankhwala.

Tikumbukirenso kuti kusowa pokhala si mlandu. Mu January 2017 Khoti Lalikulu ku Blantyre lidagamula kuti ndime ya malamulo imene apolisi ankagwiritsa ntchito pomanga anthu ongopezeka panja usiku, imene ambiri timaidziwa kuti vakabu, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino.

2. Kodi thandizo la boma ndi chiyani?

Ndalama zimene tikunena pano si ngongole, chifukwa sitibweza ngati tazigwiritsa ntchito molondola. Si mphatsonso ayi, chifukwa mphatso munthu amachita nayo zimene wafuna. Ndi ndalama za misonkho zimene boma limapereka ku bungwe kuti ligwire ntchito inayake m'malo mwa boma. Tikagula mayunitsi a foni, tikagula nsalu m'sitolo, tikadula chiphaso cha pamsika, timakhala tikuponya kangachepe m'thumba limenelo. Zikachokera ku boma la dziko lina, ndi misonkho ya anthu a dzikolo, ena mwa iwo amayi ovutika ngati ife tomwe. Nchifukwa chake palibe manyazi kuzipempha, komanso nchifukwa chake kuzidya ndi kubera amphawi.

Thandizo lotere limakhala ndi zinthu zinayi. Choyamba, lili ndi cholinga chimodzi cholembedwa, ndipo ndalama za mabulangete sizigula simenti. Chachiwiri, lili ndi nthawi yake, kawirikawiri chaka chimodzi mpaka zitatu. Chachitatu, limafuna malisiti ndi malipoti pa nthawi yoikika. Chachinayi, wopereka angathe kuchedwetsa, kuchepetsa kapena kuimitsa pa zifukwa zimene sizikukhudza ife mpang'ono pomwe. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Gulu lopempha ndalama za boma lapemphanso mabuku, misonkhano ndi alendo odzafufuza.

3. Zimene Malembo akutiphunzitsa

Nehemiya adali wopereka chikho kwa mfumu Aritasasta ya ku Perisiya. Atamva kuti malinga a Yerusalemu ndi ogumuka, adalira, adasala kudya, adapemphera, kenaka adakapempha kwa mfumu yachikunja. Taonani mapemphedwe ake. Mfumu itamufunsa za kutalika kwa ulendo, adatchula nthawi. Adapempha makalata opita kwa abwanamkubwa a m'njira, ndi kalata ina yopita kwa Asafu wosunga nkhalango ya mfumu kuti ampatse mitengo. Adadziwa chimene akufuna, kumene chili, ndi ntchito yake. Masiku ano tikadati adalemba pulopozo yomveka. Koma mitengo ya mfumu siidamange linga yokha. Mutu 3 ukutchula mabanja amene adagwira ntchito ndi manja awo, kuphatikizapo ana aakazi a Salumu.

Ezara adachita mosiyanako. Adachita manyazi kupempha asilikali kwa mfumu, popeza adali atanena kale kuti Mulungu adzawasunga panjira. Nehemiya adalandira asilikali, Ezara sadawapemphe, ndipo onse awiri adali anthu a Mulungu. Choncho tisaweruzane: gulu lolandira thandizo silidagulitse chikhulupiriro, ndipo gulu lokana silopusa. Koma siliva ndi golide amene mfumu ndi nduna zake adapereka, Ezara adamulandira. Pamtsinje wa Ahava adapatula ansembe aakulu khumi ndi awiri, adawayesera chumacho pasikelo, ndipo atafika ku Yerusalemu adachiyesanso pamaso pa anthu ena, kulemera kwake n'kulembedwa. Ezara sadaganize kuti ansembewo ndi akuba. Adawateteza ku mabodza. Paulo nayenso, potumiza chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, adatuma Tito pamodzi ndi abale ena, mmodzi wa iwo wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena.

Tsopano tibwere kwa Msamariya wachifundo. Nthawi zambiri timadziyerekeza ndi Msamariyayo, koma lero tiyang'ane mwini nyumba ya alendo. Iyeyu adalandira ndalama ziwiri zasiliva, malipiro a waganyu a masiku awiri, kuchokera kwa mlendo wa mtundu wina, kuti asamalire wodwala amene sadali m'bale wake. Adalonjezedwa kuti zowonjezera adzabwezeredwa mlendoyo pobwerera. Gulu lolandira ndalama za boma lili pa malo a mwini nyumbayu. Malembo sakutiuza kuti Msamariya adabwerera liti. Koma tidzifunse: ndalama ziwiri zija zitatha, mlendo osaoneka, wodwala akadali ndi mabala, mwini nyumba akadatani? Funso limeneli ndi limene magulu ambiri sadzifunsa polandira thandizo.

4. Zimene zidachitika ku England

Kuti tione bwino mmene zimakhalira, titenge chitsanzo cha ku England, kumene Mary Sumner adayambitsa Mothers' Union m'chaka cha 1876, ndiponso kumene kuli abale athu a Dayosizi ya Birmingham amene takhala nawo pa ubale kwa zaka zambiri. Ambiri timaganiza kuti kumeneko kulibe wogona panja. Alipo, ndipo m'nyengo yachisanu ena amafera pomwepo. Tasankha dziko limeneli chifukwa boma lake limawerenga ogona panja chaka ndi chaka, motero zotsatira za ndalama zimaoneka poyera.

Mu April 2003 boma lidayambitsa ndondomeko yotchedwa Supporting People, ndipo m'chaka choyamba lidaikako mapaundi 1.8 biliyoni. Ndalamazi zinkapita ku makhonsolo, makhonsolowo n'kumachita mapangano ndi mabungwe osamalira osowa pogona, amayi othawa nkhanza m'banja, okalamba ndi ena. Mwa mabungwewo mudali a mipingo, monga Salvation Army. Ndalamazo zinkalipira antchito othandiza munthu kupeza nyumba, kusunga ndalama ya lendi, kupita kuchipatala ndi kusiya mowa. Poyamba zidali ngati zomangidwira mpanda: khonsolo siinkaloledwa kuzigwiritsa ntchito ina iliyonse.

M'chaka cha 2009 mpanda uja udachotsedwa, ndipo kuyambira 2010 boma lidayamba kudula kwambiri ndalama zopita ku makhonsolo. Makhonsolo atapanikizika adayamba kutenga ndalama zija n'kutsekera mabowo ena. Ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma m'dzikomo idanena mu 2017 kuti m'zaka zisanu ndalama za ntchitoyi zidatsika ndi 59 pa 100 iliyonse. Nyumba zina zogona zidatsekedwa, antchito adachotsedwa. Pa kalembera wa usiku umodzi wa chaka cha 2010 adapeza anthu 1,768 akugona panja. Pofika 2017 adali 4,751. Zifukwa zidalipo zinanso, monga kukwera kwa lendi, koma kudulidwa kwa thandizoli kudali chimodzi mwa zikuluzikulu.

Kenaka kudabwera mliri wa Covid-19. Kumapeto kwa March 2020 boma lidalamula makhonsolo kuti aliyense wogona panja alowetsedwe m'nyumba, ndipo ntchitoyi idatchedwa Everyone In. M'masiku ochepa anthu zikwizikwi adagonekedwa m'mahotela amene adali opanda alendo. Pofika January 2021 anthu pafupifupi 37,000 adali atathandizidwa. Kalembera wa 2021 adapeza ogona panja pafupifupi 2,440. Koma mliri utadutsa chiwerengero chidayambanso kukwera, ndipo mu 2024 chidafika pa 4,667.

Tiphunzirapo zinthu zitatu. Choyamba, boma likafuna limachita m'sabata imodzi zimene mipingo yonse pamodzi singachite m'zaka khumi. Choncho tisanyoze ndalama za boma, ndipo tisaleke kulikumbutsa udindo wake. Chachiwiri, ndalamazo zimatha ngakhale ntchito ikuyenda bwino. Mabungwe a ku England sadalakwe kanthu. Zidangosintha ndi ndale ndi chuma. Chachitatu, m'zaka zovutazo matchalitchi ambiri a m'matauni adagwirizana kuti m'miyezi yachisanu azisinthana kugoneka anthu, lero tchalitchi ichi, mawa chinacho, akhristu odzipereka akuphika ndi kuyala mabedi. Sadathetse vutolo, koma ntchito yawo siidagwe pamodzi ndi bajeti ya boma popeza siidatsamire pamenepo.

5. Nanga kuno kwathu?

Tibwerere kwathu kuno. Mpingo wathu si mlendo pa nkhani yogwira ntchito ndi ndalama za boma. Zipatala zathu, monga St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma, zili m'bungwe la CHAM, limene zipatala zake zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Boma limalipira malipiro a antchito ambiri a m'zipatala za CHAM. Kuyambira cha m'ma 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma adayamba kuchita mapangano ndi zipatala za mishoni kuti amayi oyembekezera ndi ana akhanda azithandizidwa kwaulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Amayi ochuluka amene akadachilira kunyumba adayamba kuchilira kuchipatala, ndipo miyoyo idapulumuka. Koma kumene kubweza kunkachedwa miyezi yambiri, zipatala zina zidaimitsa panganolo n'kuyambanso kulipiritsa, ndipo wovutika adali mayi wapakati wakumudzi. Apa tikuonanso zomwe zija: thandizo ndi labwino, koma lili ndi nyengo zake.

Ndalama zambiri za ntchito zosamalira ovutika m'dziko muno zimachokera ku maboma a mayiko ena, ndipo zimadzera mu boma lathu kapena m'mabungwe akuluakulu. Zimenezi zimaonjezera kusadalirika kwake. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, mayiko otithandiza adaimitsa ndalama zolowa mu bajeti ya boma. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo gulu limene lidali litalemba mitengo ya malata ndi ufa miyezi ingapo m'mbuyomo lidapeza kuti ndalama zomwezo sizikukwananso. Mu January 2025 boma la America lidaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo mabungwe ambiri kuno adatseka ntchito zawo ndi kuchotsa antchito. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka.

Palinso Mtukula Pakhomo, amene adayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika 2018 adali atafika m'maboma onse 28. Ndalama zimenezi zimapita kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Dzina lake lomwelo likutiuza vuto: zimatsata khomo. Munthu wopanda khomo, wopanda mudzi umene ungamulembe, wopanda chiphaso cha unzika, ndi wosavuta kumudumpha. Apa pali ntchito imene ife tingagwire popanda tambala ya boma: kuperekeza gogo kwa mfumu, kumuthandiza kupeza chiphaso, ndi kukamutchula kwa a komiti ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, imene timaitcha ya Social Welfare, kuti adziwike.

6. Zoyenera kuchita gulu lisanalandire ndalama

(a) Tiyambe ndi zimene tili nazo. Mayi wa ku Sunemu pa 2 Mafumu 4 sadadikire mfumu. Adakambirana ndi mwamuna wake, adamanga kachipinda, adaikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Gulu lililonse liyambe ladziwa anthu osowa pogona a m'dera lake, mayina awo, kumene adachokera, ndi chimene chidawachotsa pakhomo. Opereka thandizo amakhulupirira gulu limene layamba kale. Gulu lobadwa chifukwa chomva kuti kwabwera ndalama limafa ndalamazo zikatha.

(b) Tisayende tokha. Pempho lililonse lidzere kwa wansembe, ku khonsolo ya parishi ndi ku ofesi ya dayosizi. Pangano likasokonekera, dzina loipa ndi la mpingo wonse, choncho wapampando asasayine kanthu payekha. Tidziwike kwa mfumu, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera, zimene timazitcha VDC ndi ADC, chifukwa zofuna za anthu zimakwera kukhonsolo kudzera mmenemo. Mabungwe omwe si aboma amalembetsa ku NGORA, imene idalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022. Gulu la paparishi lisathamangire kudzipanga bungwe lapalokha lisanafunse kudayosizi.

(c) Tiwerenge pangano lonse, ndipo ngati lili m'Chingerezi wina alimasulire pamaso pa amayi onse. Tifunse: ndalamazi zitha liti? Zikulipira chiyani, nanga sizikulipira chiyani? Zikachedwa tidzatani? Mitengo ikakwera adzaonjezera kodi? Ngati wopereka akufuna kuti tisankhe anthu potengera chipani, kapena kuti tivale nsalu yake pogawa, tikane mwaulemu monga Ezara. Ifenso tisasankhe potengera mpingo. Msilamu, wa mpingo wina ndi wosapemphera, onse amalipira msonkho, ndipo bulangete lisakhale nyambo yokokera munthu ku ubatizo.

(d) Ndalama zobwera zigule zokhalitsa, zathu zigule zatsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Thandizo la boma lipite ku zinthu zimene zidzatsala ilo litapita: malata a nyumba ya gogo, chimbudzi, chitseko chokhoma, ulendo wobwezera mwana kwa abale ake, yunifolomu, maphunziro a ntchito zamanja, mbuzi zoweta. Ufa, ndiwo, nkhuni ndi sopo zichokere m'munda wa gulu ndi m'zopereka zathu. Tisatenge anthu makumi anayi chifukwa pepala likutero, pamene mphamvu zathu ndi zodyetsa anthu asanu ndi atatu. Kutenga munthu mumsewu, kumuzolowetsa bedi, kenaka n'kumuuza kuti pulojekiti yatha, ndi kumuvulaza kachiwiri. Kuchipatala tinkati usayambitse wodwala mankhwala amene sudzatha kumumalizitsa.

(e) Tichenjere ndi alawansi. Amayi amene akhala akuyendera odwala kwaulere zaka khumi akayamba kulandira kangachepe pa ulendo uliwonse, tsiku limene kadzatha ambiri sadzabweranso, ndipo amene sadalandire adzakhala atakhumudwa kale. Kubweza ndalama ya minibasi kapena ya kabaza imene mayi wagwiritsadi ntchito ndi chilungamo. Kulipira chifundo ndi kuchipha.

(f) Tisunge mabuku monga Ezara. Ndalama zikhale ku akaunti ya kubanki ya dzina la gulu, osati m'foni ya msungichuma. Osayinira akhale atatu osakhala a banja limodzi, ndipo awiri azisayina nthawi zonse. Chogula chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo kumene kulibe lisiti, monga pogula nkhuni, wogulitsa asayine kapena adinde chala m'kope. Wogula asakhale yemweyo wosunga ndalama. Mwezi uliwonse lipoti liwerengedwe mokweza pamsonkhano. Ndipo ndalamazi zisabwerekedwe, ngakhale pa maliro, ngakhale wopempha akhale wamkulu wa mpingo. Magulu ambiri sadagwe ndi akuba, adagwa ndi mawu akuti tibweza mwezi ukatha.

(g) Pa nkhani ya ana tisamale koposa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 lilipo, ndipo malo osungirako ana amafunika chilolezo cha boma. Tikapeza mwana wogona mumsewu, tidziwitse a Social Welfare kapena apolisi a ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Cholinga chikhale kumubwezera kwa abale ngati kwawoko kuli kotetezeka, ndi kuthandiza banjalo kuti chimene chidamuthawitsa, kaya njala kaya nkhanza, chisamuthawitsenso. Tisajambule ana kapena odwala popanda chilolezo pofuna kukometsa lipoti.

(h) Pakamwa pathu pasatsekeke. Kulandira ndalama za boma sikutichotsera ufulu wofunsa khansala ndi phungu wathu kuti anthu amene madzi adawagumulira nyumba adafika pati, kapena chifukwa chiyani agogo othamangitsidwa sakuthandizidwa. Nehemiya yemwe uja, atakhala bwanamkubwa, adadzudzula akuluakulu amene ankalanda minda ndi nyumba za osauka, monga tikuwerenga m'mutu 5.

Mawu otsiriza

Amayi anzathu, Ambuye wathu adabadwira m'khola chifukwa m'nyumba ya alendo mudalibe malo, adakhalapo wothawa kwawo ku Ejipito, ndipo ali pa utumiki adalibe potsamira mutu. Pa Mateyu 25 akutiuza kuti pomulandira mlendo timalandira Iye mwini. Udindo umenewu tidaulandira pa ubatizo wathu, ndipo sudalembedwe kuti udzatha pakatha zaka zitatu. Boma likabwera kudzatithandiza kusenza, tithokoze Mulungu, tilandire ndi manja oyera, tilembe tambala iliyonse. Likachoka, wodwala uja apezeke akadali m'nyumba, ndipo ife tikadali pambali pake.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'parishi mwathu muli anthu angati osowa pogona amene tingawatchule mayina? Chidawachotsa pakhomo nchiyani?
2. Nehemiya adalandira asilikali a mfumu, Ezara sadawapemphe. Ndi thandizo lotani limene gulu lathu lingalandire, nanga ndi lotani limene lingakane?
3. Popanda thandizo lililonse lakunja, gulu lathu lingadyetse anthu angati mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu?
4. Mlendo atabwera lero kudzaona mabuku a gulu lathu, angapeze chiyani? Ndi liti pamene lipoti la chuma lidawerengedwa komaliza?
5. Ngati tidalandirapo thandizo limene lidatha, anthu amene tinkawathandiza ali kuti lero?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lisankhe amayi awiri kuti akacheze ndi munthu mmodzi wosowa pogona, amve mbiri yake, ndipo adzafotokozere gulu pa msonkhano wotsatira popanda kumuchititsa manyazi. Mlembi ndi msungichuma abweretse mabuku awo pa msonkhano womwewo.

Pemphero

Mulungu Atate wathu, Inu amene mudatipatsa denga ndi pogona, tikumbutseni abale athu amene usiku uno agona panja. Patsani nzeru ndi chilungamo onse osunga chuma cha dziko, kuti misonkho ya anthu ifike kwa osowa. Tipatseni mitima yokhulupirika pa zazing'ono ndi pa zazikulu, ndipo mutilimbitse kuti tisatope ngakhale thandizo litachedwa kapena kutha. Tikupempha izi kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.